Theodor Bilharz: dotolo yemwe adapeza nyongolotsi ya likodzo, matenda oononga impso za ana a kunyanja

Mukafika pagombe la Makawa, Nkope kapena Chembe m'boma la Mangochi dzuwa lili paliwombo, mupeza ana akusambira, amayi akuchapa ndi kutsuka ziwiya, asodzi akusoka maukonde pamchenga. Ena mwa ana amenewa akapita kuseri kukataya madzi, madontho omalizira amatuluka ofiira. Ambiri sauza munthu. Makolo ena akamva amangoti ndi kukula, zisiya zokha.

Matendawa inu mumawadziwa kuti likodzo. Kuchipatala ndi m'mabuku a kusukulu mumamvanso dzina loti bilharzia. Dzina limeneli lidachokera kwa munthu, Theodor Bilharz, dotolo wa ku Germany yemwe sadapondeko kuno kwathu. Adamwalira ali ndi zaka 37 zokha ndipo adasiya zolemba zowerengeka. Komabe dotolo aliyense amene lero amaunika chikhodzodzo ndi impso za mwana wa kunyanja akuyenda m'njira yomwe iyeyu adalambula. Mukadziwa mbiri yake, mumvetsa chomwe chimachitika m'thupi la mwana wokodza magazi komanso chifukwa chake simuyenera kudikira.

Ubwana ndi maphunziro

Theodor Maximilian Bilharz adabadwa pa 23 Malichi 1825 m'tauni ya Sigmaringen, m'mbali mwa mtsinje wa Danube kummwera kwa Germany. Bambo ake ankagwira ntchito muofesi yoyang'anira chuma cha mfumu ya deralo. Mng'ono wake, Alfons, naye adadzakhala dotolo.

Bilharz adayamba maphunziro a ukachenjede ku Freiburg, kenaka adapita ku Tübingen komwe adaphunzira udotolo. Chidwi chake chachikulu chidali pa tizilombo ting'onoting'ono ndi mmene matupi a zamoyo adapangidwira. Ku Freiburg adagwira ntchito pansi pa Carl Theodor von Siebold, yemwe panthawiyo adali mmodzi mwa akatswiri otchuka pa nkhani ya nyongolotsi zokhala m'matupi a anthu ndi nyama. Kwa mphunzitsi ameneyu ndi komwe adaphunzira kuyang'ana chinthu mofatsa pa maikulosikopu, kuchijambula pamanja ndi kulemba zomwe waona popanda kuonjezera.

M'chaka cha 1850, Abbas, yemwe ankalamulira Egypt, adaitana dotolo wa ku Germany, Wilhelm Griesinger, kuti akatsogolere ntchito zaumoyo m'dzikomo. Griesinger adatenga Bilharz, yemwe adamuphunzitsapo ku Tübingen, kuti akakhale womuthandiza. Mnyamatayo adafika ku Cairo ali ndi zaka 25 ndipo adayamba ntchito pachipatala cha Kasr el-Aini, chomwe chidalinso sukulu ya madotolo.

Zomwe adapeza mu 1851

Anthu a m'mbali mwa mtsinje wa Nile adakhala akukodza magazi kuyambira kalekale. Asilikali a ku France omwe adalowa m'dzikomo ndi Napoleon mu 1798 nawo adadwala matendawa. Madotolo ankanamizira kutentha kwa dzuwa, thukuta kapena madzi akumwa. Panalibe yemwe adaonapo chenicheni choyambitsa.

Ntchito ina ya Bilharz idali yopima matupi a anthu omwalira kuti adziwe chomwe chawapha. M'chaka cha 1851, akupima thupi la mnyamata wina, adapeza tinyongolotsi toyera tili m'magazi a mumtsempha waukulu wopita kuchiwindi. Izi zidali zachilendo, chifukwa nyongolotsi zomwe anthu ankazidziwa bwino zidali za m'matumbo. Mu Meyi chaka chomwecho adalembera kalata von Siebold kumufotokozera zomwe waona.

Patapita miyezi itatu adalembanso kalata ina. Adali atazindikira kuti nyongolotsizi zilipo zazimuna ndi zazikazi. Yaimuna, yomwe kutalika kwake kumangopitirira pang'ono sentimita imodzi, imadzipinda m'litali ngati ngalande, ndipo yaikazi, yowonda ngati ulusi, imakhala m'ngalandemo. Adaitcha Distomum haematobium, dzina lotanthauza nyongolotsi ya pakamwa pawiri yokhala m'magazi.

Kenaka adapeza mazira a nyongolotsizi atadzaza m'khoma la chikhodzodzo ndipo ena akutuluka ndi mkodzo. Dzira lililonse lidali ndi kaminga. Apa ndi pomwe adalumikiza zinthu ziwirizi: magazi omwe anthu amakodza amachokera m'tizilonda tomwe mazirawo amasiya akamaboola khoma la chikhodzodzo. Griesinger naye adawerengera ndipo adapeza nyongolotsizi m'matupi 117 mwa matupi 363 omwe adawapima, kutanthauza pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse.

M'chaka chomwecho cha 1851, Bilharz adapezanso mitundu ina iwiri ya nyongolotsi m'matumbo a ana omwe adamwalira. Lero zimadziwika kuti Hymenolepis nana ndi Heterophyes heterophyes.

Adalemba zochepa

Masiku ano katswiri wa kafukufuku amayezedwa ndi zinthu ziwiri: kuchuluka kwa nkhani zomwe wasindikiza m'magazini a akatswiri, ndi kangati akatswiri anzake atchula ntchito yakeyo polemba zawo. Kaundula wowerengera zimenezi, wotchedwa Science Citation Index, adayambitsidwa ndi Eugene Garfield ku America ndipo adayamba kutuluka mu 1964. Mu 2005 Jorge Hirsch adabweretsa muyeso wina wotchedwa h-index. Katswiri akakhala ndi h-index ya 20, ndiye kuti ali ndi nkhani 20 zomwe iliyonse yatchulidwa ndi ena kosachepera ka 20. Masukulu a ukachenjede amayang'ana manambala otere pokweza anthu pantchito, ndipo mabungwe amawayang'ana popereka ndalama za kafukufuku.

Pa muyeso umenewu Bilharz sakadapita patali, chifukwa h-index singapose chiwerengero cha nkhani zomwe munthu walemba. Zomwe adapeza zokhudza likodzo zidayamba kudziwika kudzera m'makalata omwe ankatumizira von Siebold pakati pa 1851 ndi 1853. Mphunzitsi wakeyo ndiye adawasindikiza m'magazini ya Zeitschrift für wissenschaftliche Zoologie. Mu 1856 Bilharz adatulutsa nkhani m'magazini ya madotolo ya ku Vienna, yofotokoza mmene nyongolotsiyi imaonongera ziwalo zomwe mkodzo umadutsamo. Mu 1857 adatulutsa buku ku Leipzig, koma silidali la likodzo. Lidali lofotokoza chiwalo chomwe chimapanga magetsi m'thupi la nsomba ya mu Nile, m'bale wake wa nyesi yomwe asodzi a ku Lower Shire amaidziwa bwino.

Komabe mpaka lero, katswiri akamalemba dzina lonse la nyongolotsi ya likodzo la mkodzo, Schistosoma haematobium, amaphatikiza dzina la Bilharz ndi chaka cha 1852, malinga ndi mwambo wa akatswiri a zamoyo wolemekeza yemwe adayamba kufotokoza chamoyocho. Mu 1856 Heinrich Meckel von Hemsbach adatcha nyongolotsiyi Bilharzia. Mu 1858 David Weinland adaitcha Schistosoma, kutanthauza thupi long'ambika, poona ngalande ya yaimuna ija. Akatswiri adatsata dzina lachiwirili, koma anthu wamba m'mayiko ambiri adagwiritsitsa loyambalo.

Imfa yake

Griesinger adabwerera kwawo mu 1852 koma Bilharz adatsala ku Cairo. Adakwezedwa n'kumayang'anira mbali ina ya chipatalacho, ndipo mu 1856 adakhala pulofesa wophunzitsa za kapangidwe ka thupi la munthu. Pomwe David Livingstone ankafika panyanja yathu mu Sepitembala 1859, atatsata mtsinje wa Shire mpaka kudera lomwe lero ndi Mangochi, Bilharz adali akuphunzitsabe ku Kasr el-Aini.

Kumayambiriro kwa 1862, mfumu ina ya ku Germany, Ernst II wa ku Saxe-Coburg-Gotha, idapanga ulendo wopita ku Massawa, mzinda wa m'mbali mwa nyanja ya Red Sea m'dziko lomwe lero ndi Eritrea. Bilharz adapita nawo ngati dotolo. Kumeneko adatenga matenda otentha thupi kwambiri. Adabwerera ku Cairo akudwala ndipo adamwalira pa 9 Meyi 1862. Adaikidwa mumzinda womwewo.

Lero ku Giza kuli malo ochitira kafukufuku otchedwa Theodor Bilharz Research Institute. Ngakhale chigwa china cha pamwezi chidapatsidwa dzina lake.

Zomwe adasiyira ena

Bilharz adamwalira asakudziwa mmene nyongolotsiyi imalowera m'thupi la munthu. Adaphonyanso chinthu china. Adaona mazira amitundu iwiri, ena okhala ndi kaminga kunsonga, ena kaminga kam'mbali, ndipo adaganiza kuti onsewo ndi a nyongolotsi imodzi. Poti mutu umodzi susenza denga, adamalizitsa ntchitoyi ndi ena omwe adawerenga zolemba zake.

Mu 1864 John Harley wa ku London adapeza mazira m'mkodzo wa odwala ochokera ku Cape, South Africa, zomwe zidaonetsa kuti matendawa si a ku Egypt kokha. Mu 1907 Louis Sambon adati mazira a kaminga kam'mbali ndi a mtundu wina wa nyongolotsi, ndipo adautcha Schistosoma mansoni. Uwu ndi womwe umayambitsa likodzo la m'matumbo. Mu 1910 Marc Armand Ruffer adapeza mazira a likodzo mu impso za mitembo iwiri youmikidwa ya ku Egypt ya zaka pafupifupi 3,000 zapitazo. Mu 1911 A.R. Ferguson wa ku Cairo adaonetsa mgwirizano wa likodzo ndi khansa ya m'chikhodzodzo.

Funso lalikulu lija lidayamba kuyankhidwa ku Japan mu 1913, pomwe Keinosuke Miyairi ndi Minoru Suzuki adapeza kuti likodzo la kumeneko limadzera mu nkhono. Mu 1915 Robert Leiper, akugwira ntchito pamudzi wa El Marg pafupi ndi Cairo, adatsimikiza kuti likodzo la mu Africa nalo limadzera mu nkhono za m'madzi ndipo limalowa pakhungu. Adaonetsanso kuti mitundu iwiri ija ili ndi nkhono zake zosiyana.

Mankhwala oyamba odalirika adabwera mu 1918, pomwe John Christopherson wa ku Khartoum adalemba za jakisoni wa tartar emetic. Adali mankhwala owawa, ofuna kubaya kambirimbiri, ndipo ena ankafa nawo. Mapiritsi a praziquantel omwe ana amalandira kusukulu lero adapangidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi makampani a Bayer ndi Merck a ku Germany, patadutsa zaka zoposa 120 chipezereni Bilharz nyongolotsi ija.

Chomwe chimachitika m'thupi la mwana

Munthu wa likodzo akakodzera m'nyanja, mumtsinje kapena pachithaphwi, mazira amaswa m'madzimo. Tizilombo totulukamo timalowa mu nkhono ya mtundu wa Bulinus ndipo timaswana mmenemo kwa mwezi umodzi kapena kupitirira. Kenaka nkhonoyo imayamba kutulutsa tizilombo tambirimbiri tosaoneka ndi maso, makamaka masana, nthawi yomwe ana amakonda kusambira. Timaboola khungu m'mphindi zochepa, ngakhale pasakhale bala.

Tikalowa timayenda ndi magazi, kudzera m'mapapo mpaka kuchiwindi, komwe timakula. Zazimuna ndi zazikazi zikapezana zimasamukira m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo. Pakatha pafupifupi miyezi itatu mazira amayamba kuoneka mumkodzo. Nyongolotsi imodzi imatha kukhala zaka 3 mpaka 5 ikuikira mazira tsiku ndi tsiku.

Chomwe chimadwalitsa kwambiri si nyongolotsiyo koma mazira omwe alephera kutuluka. Thupi limawazinga pofuna kudziteteza, malowo amatupa, kenaka pamakhala zipsera zolimba. Impso iliyonse ili ndi kanjira kopapatiza komwe kamatsitsira mkodzo m'chikhodzodzo. Zipsera zikapanikiza kanjira kameneka, mkodzo umabwerera m'mbuyo ndipo impso imafufuma. Izi zimatha kuchitika kwa zaka mwana asakumva ululu uliwonse. Zikapitirira, impso imafooka mpaka kusiya kugwira ntchito, ndipo zikatero munthu amafunika makina osefa magazi, omwe m'dziko muno amapezeka m'zipatala zikuluzikulu zochepa monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe.

Nkhani yabwino ndi yakuti mwa ana, kutupa kwa chikhodzodzo ndi kufufuma kwa impso nthawi zambiri kumabwerera mwakale mankhwala akaperekedwa msanga. Zipsera zikakhalitsa mpaka ukulu sizichoka. Likodzo limachepetsanso magazi, limapinimbiritsa mwana ndipo limamufooketsa m'kalasi. Kwa atsikana ndi amayi mazira amakafikanso kunjira ya abambo ndi kukhomo la chiberekero, komwe amayambitsa zilonda zomwe zimasokonezedwa ndi matenda opatsirana pogonana.

Nkhani ya ku Mangochi

Kwa zaka zambiri anthu ankakhulupirira kuti likodzo lili m'madambo, m'mitsinje ndi m'malo a mabango mokha, osati pamchenga woyera wa nyanja ya Malawi. Maganizowa adayamba kusintha m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, pomwe alendo ambiri osambira ku Cape Maclear adayamba kupezeka ndi matendawa. Mu 1992 anthu awiri a ku America ogwira ntchito mongodzipereka m'bungwe la Peace Corps adadwala kwambiri mazira atafika ku ubongo ndi kumsana, ndipo onse adali atasambirako kumeneko. Kafukufuku wotsatira adasindikizidwa m'magazini ya The Lancet mu 1996.

Jay Stauffer wa ku America ndi Henry Madsen wa ku Denmark, pamodzi ndi akatswiri a kuno, adapeza kuti kupatula nkhono ya Bulinus globosus ya m'madzi odekha, palinso Bulinus nyassanus yomwe imabisala mumchenga wa m'nyanja ndipo nayo imafalitsa likodzo. Iwo adaona kuti nkhonozi zidachuluka pomwe nsomba zodya nkhono, monga Trematocranus placodon, zidachepa kaamba ka usodzi wa makoka a maso ang'onoang'ono kufupi ndi gombe.

Mu 2014 Peter Makaula ndi anzake adasonkhanitsa pamodzi zomwe zidalembedwapo zokhudza likodzo m'Malawi. Mu 2017 ofufuza adapeza nkhono za mtundu wa Biomphalaria m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi, ndipo atayeza ana asukulu adapeza kuti likodzo la m'matumbo nalo layamba kufala kumeneko. Dotolo wa kuno kwathu, Sekeleghe Kayuni, adafufuza mmene likodzo limakhudzira ziwalo zoberekera za asodzi a m'bomalo. Nkhani iliyonse mwa izi imatchula zomwe zidalembedwa kale, ndipo mukatsatira m'mbuyo mukafika ku makalata a 1851 aja.

Choncho ofufuza akabwera pasukulu ya mwana wanu kudzapempha mkodzo woti akayeze, dziwani kuti zotsatira zake ndi zomwe zimathandiza unduna wa zaumoyo kudziwa madera ofunika mankhwala. Muli ndi ufulu wofunsa cholinga cha kafukufukuyo, wovomera kapena kukana, komanso wouzidwa zomwe apeza.

Zomwe mungachite

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidati mu 2021 anthu oposa 251 miliyoni ankafunika mankhwala a likodzo, ndipo pafupifupi 9 mwa 10 alionse ali mu Africa. Mu 2022 bungweli lidalangiza kuti m'madera omwe matendawa ndi ofala, mankhwala aziperekedwa kuyambira kwa ana a zaka ziwiri, osati a sukulu okha. Mu Disembala 2023 bungwe loona za mankhwala ku Europe lidavomereza arpraziquantel, kapiritsi kosungunuka mkamwa kopangidwira ana a miyezi itatu mpaka zaka 6.

Alangizi a zaumoyo akabwera ndi praziquantel kusukulu kapena m'mudzi, loleni mwana amwe, ndipo ayambe wadya chakudya. Mlingo wake umatengera kulemera kapena kutalika kwa mwanayo, nchifukwa chake amamuimika pa ndodo yoyezera. Chizungulire, nseru ndi kupweteka kwa m'mimba zimatha kubwera koma sizikhalitsa. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zokhwima, sateteza kuti mwana asatengenso. Mwana wa kunyanja ayenera kulandiranso ulendo uliwonse akamagawa.

Musadikire kuti magazi aoneke, chifukwa ana ambiri a likodzo mkodzo wawo umaoneka wabwinobwino ndipo magaziwo amadziwika pokhapokha akayeza. Komanso si mkodzo wofiira uliwonse womwe ndi likodzo. Mwana akatupa nkhope ndi mapazi, akamakodza pang'ono kapena mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, makamaka atadwala malungo, zilonda za kukhosi kapena za pakhungu, impso zikhoza kukhala pangozi ina yofunika chipatala tsiku lomwelo. Chotupa chogwirika m'mimba mwa mwana wamng'ono nacho si chochedwa nacho.

Madzi otunga kunyanja osambitsira khanda muziwaphitsa kapena muwasunge m'chidebe masiku awiri, poti tizilomboti sitikhala moyo nthawi yaitali tikasowa munthu. Pomwe pali mjigo, chapani ndi kusamba ndi madzi a pamjigo. Ndipo chimbudzi chikhale cha aliyense, ana ndi akulu, kumudzi ndi kudoko komwe. Dzira lomwe Bilharz adaliona pa maikulosikopu yake limaswa pokhapokha lafika m'madzi a m'nyanja, mumtsinje kapena m'dambo. Likagwera m'chimbudzi limafera momwemo.